A Damiyano, Ocheka Matabwa Amene Ankaphunzitsa Ana Moni

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a malemu a Damiyano, patapita zaka zochuluka mochititsa manyazi. Simenti inalipo yokwanira, mchenga unachita kutsala. Chimene chinativuta ndi choti tilembe pansi pa dzina. Ena ankati tilembe kuti mmisiri wa matabwa, koma aliyense amene anakhalapo pabenchi ya m'tchalitchi mwathu akudziwa kuti kumeneko kukanakhala kunama pamanda. Ena ankati tilembe kuti mphunzitsi, koma m'kalasi sanalowemo, ngakhale pothawa mvula. Mapeto ake onse anatembenukira kwa ine, poti m'mudzi mwathu ndine amene ndinapita ku koleji. Zoti ndinabwerako nthawi isanakwane, ndi sutikesi yokha, anthu amazikumbukira masiku ena onse kupatula pamene pafunika wolemba. Ndinatsokomola mwaulemu, n'kulamula kuti palembedwe dzina lokha. Zotsalazo ndi izi ndikulemba pano, chifukwa pasimenti sizikanakwana.

A Damiyano anamwalira nyengo yachisanu, zipani zisanachuluke. Ukalamba wawo unagwera m'zaka zimene dziko lonse linkaphunzira kukhala chete, ndipo linkakhoza bwino ndithu. Iwo okha, m'kamudzi kathu ka m'mapiri kumtunda kwa Linthipe, anali kalikiliki kuphunzitsa ana kulankhula. Sindikunena kuti ankalimbana ndi boma ayi. Kadi yachipani anali nayo, ankaisunga m'chipewa. Ndikungonena kuti ntchito anasankha yosagwirizana ndi nyengo, ngati munthu wogulitsa maambulera mu Okutobala.

Choyamba kuchidziwa kwa iwo chinali moni. Sunali moni wopereka uli paulendo. Ankaima, n'kuvula chipewa, n'kukufunsa mmene wadzukira, kenako n'kudikira yankho ngati angamve zachilendo. Ukayankha ukuyenda, iwo ankangoima pomwepo chipewa chili m'manja, mpaka msana ukuyabwe, ubwerere. Kwa mwana ankanyonyomala kuti maso alingane, mawondo n'kumalira ngati chitseko chakale. Mwana akakakamira pa liwu limodzi, sankamumalizira. Ankayang'ana pambali pang'ono n'kudikira, ngakhale mbuzi zikhale zikulowa m'dimba mwawo iwo akuona. Ankakonda kunena kuti kumalizira mwana mawu n'chimodzimodzi kumutafunira chakudya n'kumezanso wekha.

Iwo eniake anakula ndi chibwibwi choopsa. Ankati ali mnyamata ankatha kufika pakhomo pa munthu, n'kulephera kutulutsa odi, n'kubwerera kwawo ngati anangodzaona denga. Chinawamasula ndi sowo. Analowa ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya paini kuphiri la Dedza, kumene ankacheka awiriawiri: chipika pamwamba pa dzenje, mmodzi waima pachipikapo, mnzake m'dzenje, utuchi ukumugwera m'maso. A Damiyano anali a m'dzenje. Mnzawo wa pamwamba anali wolongolola, ndipo ankaponya funso pokokera sowo m'mwamba. Iwo anapeza kuti akayankha pokokera pansi, mawu ankatsika limodzi ndi sowo osakodwa paliponse. Kuyambira pamenepo anatsimikiza kuti kulankhula si ntchito ya pakamwa pokha, ndi ntchito ya anthu awiri. Onse akakoka nthawi imodzi sowo imakana, onse akasiya chipika chimangokhala. Nzeru imeneyi anabwera nayo kumudzi pamodzi ndi chifuwa cha utuchi, ndi dzanja losowa chala chimodzi.

Kuseri kwa nyumba yawo anaika chipika chofewa pamphanda, ndi kasowo kakafupi kokhala ndi zogwirira mbali zonse, mano ake atawabunthitsa dala. Kumeneko n'kumene azimayi ankabweretsa ana. Ena anali achibwibwi. Ena ankabisala m'chitenje cha amayi awo akangoona munthu. Analiponso amene ankalankhula osapuma koma osakuyang'ana, amene ankangotsomphola chinthu m'manja mwa mnzawo chifukwa njira yopemphera sankaidziwa. Ntchitoyo inalibe dzina. Anthu ankangoti mwana wa uje akupita kocheka.

Mwana akagwira mbali yake, iwo ankakoka n'kunena kuti, "Wadzuka bwanji?" Kenako ankasiya, osakankha. Sowo inkaima mpaka mwana akoke yekha, ndipo pokokapo ankayenera kutulutsa kanthu, ngakhale ka "ii" chabe. Ndikhoza kuchitira umboni kuti nkhuni zimene zinachekedwa mwanjira imeneyi sizikanakwanira kuwiritsa tiyi wa alendo.

Si onse amene anawatha. Mwana wosamva makutu ankamuzindikira msanga, ndipo ankauza makolo mosabisa kuti apa sowo siithandiza, apite naye kusukulu ya amishoni ya ana otero. Masiku ano ndimamva kuti m'zipatala zikuluzikulu muli anthu amene anaphunzira ntchito imeneyi mpaka kulandira mapepala. A Damiyano akanakondwa kukumana nawo, ndipo akanawafunsa za ana aja anawalephera, chifukwa mayina awo ankawatchulabe mpaka kumapeto.

Mwana akazolowera sowo ankayamba kutumidwa. Ankamuuza kuti apite kwa auje akabwereke sefa. Akaime kumapeto kwa bwalo, akanene odi, akadikire, akagwade, akapereke moni, akanene amene wamutuma, ndipo pochoka asathawe ngati waba. Sefayo inali ya akazi awo omwe, a Nangondo, imene a Damiyano ankakaisiya mwadala kunyumbako m'mamawa. Inayenda m'makomo a m'mudzi mwathu kuposa katekisiti.

"Sefa yanga ili kuti?" ankafunsa a Nangondo, ufa uli m'lichero.

"Ili kusukulu."

"Nanga ife tidya maphunziro?"

"Ibwera, mayi. Wakaitenga ndi Paulo."

"Paulo uja amaima kumpanda mpaka nkhuku kulowa? Ndiye muuze m'mimba mwanumo kuti mudikire Paulo."

Anakangana za sefa imeneyo mpaka imfa, koma a Nangondo sanagulepo ina yobisa. Ndinawafunsapo chifukwa chake. Anati akanagula ina akanasowa chokangana, ndipo mwamuna wa mawu ochepa ngati uja amafunika kumupezera nkhani.

Mkangano weniweni unali ndi a Nasibeko, mayi wa mumphakati mwawo momwe kutchalitchi, amene ankadula ana kamtsempha ka pansi pa lilime ndi lezala. Kwa a Nasibeko mwana aliyense wochedwa kulankhula anali womangika lilime. A Damiyano sankakana kuti otero alipo, koma ankati amenewo ndi a kuchipatala, ndipo ambiri mwa otsalawo lilime lawo n'labwinobwino, chimene akusowa ndi munthu wowadikira. Ankanenanso kuti mwana amene watsegula pakamwa n'kulowetsedwa lezala waphunzira chinthu chimodzi chokha, choti asadzatsegulenso. Pa Misa awiriwa ankapatsana dzanja la mtendere ndi nsonga za zala, aliyense akuyang'ana kuguwa.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha tayi. Nditabwerako ku koleji ndinali ndi nthawi yambiri, nsapato zakuda ndi tayi. A Damiyano anali ataona kuti ana ocheka aja akupereka moni kwa anthu odziwika okha, ndipo ankasowa mlendo. Anandilemba ntchito yokhala mlendo. Ndinkavala, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, n'kutulukira ngati ndangotsika basi ya ku Lilongwe. Ndi ntchito yokhayo imene ndinaigwira popanda wina kudandaula.

Tsopano za Felista, mwana wa a Lukasi ndi a Nachisale, amene anali wa msinkhu woyamba sukulu. Felista sanali wosalankhula. Vuto lake linali loti ankabweza mawu monga wawamvera. Ukati, "Uli bwanji?" nayenso ankati, "Uli bwanji?" Ukamufunsa dzina, ankakufunsa dzina. Ndipo zimene wamva kunyumba ankazisunga, n'kudzazitulutsa tsiku lina pamalo ena, ndi mawu enieni a mwiniwake mpaka katsokomoledwe. Anthu ankaseka, pamene zinali za amayi ake kukalipira nkhuku.

Kuseka kunatha Lamulungu lina. A Lukasi anali atakakamizidwa kugula kadi yachipani ya mwana amene anali asanabadwe n'komwe, ndipo kunyumba analankhulapo monga mwamuna amalankhulira chitseko chili chotseka. Pa Misa, nthawi ija anthu alandira Ukaristia ndipo tchalitchi chonse chagwada chete, kunamveka mawu a a Lukasi kuchokera kumbali ya azimayi: "Kadi, kadi. Kodi kadi yawoyo tizidya?"

Sindinamvepo Akatolika akutsokomola mogwirizana chomwecho. Kwaya inayamba nyimbo imene panalibe anaikonzekera. Tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene anagwada kutsogolo, anapemphera kwambiri osadzutsa mutu, ndipo mpaka lero ndimamulemekeza chifukwa cha pemphero limenelo. Koma tonse tinkadziwa kuti Felista akadzabwereza mawu amenewo pamaso pa munthu wosakonda kupemphera, a Lukasi adzapita. Anthu ankatengedwa pa mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo ena sankabwerako msanga.

Kuyambira tsiku limenelo Felista anatsekeredwa. Kutchalitchi ayi, kuchitsime ayi, za sukulu osatchula n'komwe. Makolo akamapita kumunda ankamanga chitseko ndi waya. Tikamadutsa tinkaona kankhope pawindo, ndipo nthawi zina tinkamva moni wathu womwe ukutibwerera kuchokera m'nyumbamo. A Nasibeko anavomereza kuti apa lezala yawo ilibe ntchito, poti lilime linali lomasuka kale mopitirira.

A Damiyano anapita kwa a Lukasi, n'kupereka moni wonse osadumpha kanthu.

"Ndabwera kudzabwereka mwana."

"Mwana uyu satuluka, madala. Mukufuna ndikafere kundende?"

"Ayi. Koma ndikuona kuti kundende kwalowa kale munthu, ndipo si inu."

A Lukasi anati ali ndi ana ena oti awadyetse, ndipo akatengedwa palibe adzalime. A Damiyano anavomera kuti zimenezo n'zoona. Anangowonjeza kuti mawu aja sanawapange ndi mwana, ndipo ngati m'nyumbamo muli pakamwa pofunika waya, iwo akupadziwa pamene pali. A Lukasi anawathamangitsa. M'mawa mwake a Nachisale anabwera naye okha Felista, atamufunditsa chitenje kumutu ngati akudutsa naye malire.

Felista anayamba kucheka nthawi yokolola. Masabata oyamba sowo inkangonyamula funso limodzi uku ndi uku. A Damiyano: "Wadzuka bwanji?" Felista: "Wadzuka bwanji?" Ndiye anaika a Nangondo kumbuyo kwa mwanayo, manja awo pamwamba pa manja ake, kuti pokoka aziyankha ndi iwo. Felista anasiya kubweza mawu a a Damiyano n'kuyamba kubweza a a Nangondo, moti kwa kanthawi ankayankha moni ngati mayi wokalamba wotopa ndi mwamuna wake: "Tadzuka, nanga n'kutani." Pang'onopang'ono a Nangondo anayamba kunong'ona, kenako kungogwedeza milomo, kenako anabwerera kukhitchini kwawo. M'mawa wina, chifunga chitakuta mapiri onse, Felista anakoka sowo n'kunena ndi mawu amene tinali tisanawamvepo, aang'ono, akeake: "Ndadzuka bwino, kaya inu." A Damiyano anayankha ngati palibe chachitika. Kenako anapita kuseri kwa khola, n'kukhalitsako.

Chinatsala ndi chija chinamutsekeretsa. A Damiyano sanayese kumuiwalitsa mawu a bambo ake, ankati mawu amene waletsa mwana ndi amene amathamangira kukhosi. Anamuphunzitsa kuti mawu ali ndi kwawo: alipo a m'nyumba, alipo a panjira. Anatenga mtsuko wa a Nangondo, osapempha monga mwa nthawi zonse. Asanatuluke pabwalo, Felista ankagwada, n'kulowetsa nkhope mumtsukomo, n'kukhuthuliramo zonse, za kadi, za nkhuku, za apongozi a anthu. Akamaliza ankavundikira ndi mbale. A Nangondo anakana kudzatungiramonso madzi, ati madzi a mumtsuko wodzaza ndale amatsegula m'mimba.

Ine ndinakwezedwa pantchito. Ndinasiya za mlendo zija n'kukhala mnyamata wa chipani wa pachipata cha msika. Malaya awo ofiira sitikanayerekeza kuvala, choncho ndinkamanga duku lofiira la a Nangondo m'khosi, n'kupingasa ndodo pampata wa mpanda, n'kunena mwaukali kuti, "Kadi." Masiku oyamba Felista ankangomva liwu limenelo n'kumaliza zonse za bambo ake, mpaka chifuwa chomwe. A Damiyano sankamukalipira. Ankamugwira dzanja, n'kulikokera kwa iwo pang'ono monga pasowo paja, kutanthauza kuti ino ndi nthawi yanga. Akalimasula, ndiye kuti yafika yake. Tinabwereza zimenezi chisanu chonse, mpaka ine ndinayamba kuopedwa ndi nkhuku.

Mvula yoyamba isanagwe, a Damiyano analengeza kuti Felista apita kumsika wa Linthipe. Anauza makolo kuti mwana amene wadutsa pachipata chimene chija angadutse paliponse, ndipo akapanda kuyesa, waya uja adzakalamba naye. A Nachisale anavomera. A Lukasi anati iwo sakufuna kudziwa n'komwe tsiku lake. Koma pamene tinkatsika phiri ndi dengu la kachewere, ndinawaona kumbuyo kutali, akuyang'anitsitsa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa njira ngati akufuna kuugula.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Pachipata panali anyamata awiri a malaya ofiira enieni. Mmodzi anapingasa ndodo.

"Kadi, madala."

Felista anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona mapewa ake akukwera monga a bambo ake amachitira asanayambe kudandaula. A Damiyano anakokera dzanja lake kwa iwo, pang'ono chabe. Ndi dzanja linalo anavula chipewa, n'kutulutsa kadi, n'kufunsa mnyamatayo mmene waswerera. Iye anangoyang'ana kadiyo, anayang'ananso yanga, n'kutibwezera. Pamenepo a Damiyano anamasula dzanja la mwana.

Felista anapinda mawondo. "Mwaswera bwanji, achimwene?"

Mnyamatayo anacheuka kuti aone amene akupatsidwa moniwo. Moni wa akuluakulu anazolowera kuuponda, poti ankadziwa kuti ndi wamantha. Wa mwana anasowa pouika.

"Ndaswera bwino. Kaya iwe?"

"Ndaswera bwino, zikomo." Kenako, poti anaphunzitsidwa kuti munthu akakufunsa bwino umuuzeko kanthu, anawonjeza kuti, "Mawu ena ndasiya mumtsuko."

"Akuti chiyani, madala?"

"Akunena zoona," anatero a Damiyano. "A m'nyumba tawasiya kunyumba. Tabwera ndi a panjira okha."

Mnyamatayo anayang'ana mnzake, amene anali kalikiliki ndi mayi wina wa kabichi. Kenako anawerama n'kunena motsitsa mawu, "Uzivundikira bwino, wamva?" Anakweza ndodo, ife n'kulowa.

A Lukasi tinakawapeza atakhala pathumba la chimanga cha eni. Anagulira Felista mandasi, iye n'kulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, ndipo a Lukasi anayang'ana kumwamba nthawi yaitali ngati akuyesa za mvula. Waya uja anamangira kaliyala ya njinga. Lamulungu lotsatira Felista anagwada pakati pa azimayi, ndipo Misa inatha popanda chifuwa. A Lukasi sanasiye kudandaula za makadi, koma anasamutsira madandaulowo pakati pa munda, pamene ankawamva ndi akhwangwala okha.

A Damiyano nkhani imeneyi sanaifotokozepo kwa munthu. Wowafunsa mmene anayendera kumsika ankamuuza kuti kachewere sanayende bwino. Chifuwa cha utuchi chija chinawagoneka patapita zaka zingapo. Masiku omaliza mpweya unkawathera pakati pa chiganizo, ndipo panalibe ngakhale mmodzi mwa obwera kudzawaona amene analimba mtima kuwamalizira. Ngakhale a Nasibeko anakhala pamphasa manja ali pamiyendo, kudikira, ndipo atatuluka anati mwamuna ameneyo wawagonjetsa ndi ulesi wa pakamwa.

Titachoka kumanda Loweruka lija ndinadzera pamene panali nyumba yawo. Inagwa a Nangondo atamwalira, ndipo patsala kachulu ka dothi lofiira pamene payanga maungu osadzala munthu. Mtengo wa mapichesi ulipo, ukubalira mbalame. Kanjira kochokera kumsewu kanatsekeka ndi udzu, poti palibenso mayi amene amakwera nako atagwira mwana padzanja. Ana otero akubadwabe, ndipo amayi awo amafunsana kuchitsime kuti apite nawo kuti.

Malowo abale anapatsa Felista kuti azilima. Tsopano ndi mayi wa imvi zake, amagulitsa ndiwo zamasamba m'mbali mwa msewu ku Chimbiya, ndipo madalaivala a minibasi amamudziwa ndi dzina. Kuyang'ana munthu m'maso sakonda mpaka pano, ndipo tsiku lina akhoza kukuuza nkhani zonse za pawailesi ndi mawu a muulutsi. Ndinamupeza akukumba mbatata pamene panali khonde. Ndinapereka moni ndi cholinga chodutsa, iye n'kuyamba za feteleza, za mpongozi wake, za wakuba wa tomato amene akumudziwa koma akumusungira tsiku. Miyendo itayamba kuwawa ndinayesa kutsanzika, koma anati sanamalize. Panalibe khoma ngakhale limodzi loti nditsamire, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo.